Fuji ya pakhosi kapena Ricoh ya m'thumba?

Funso: Ndimagwira ntchito ku Johannesburg, kwathu ndi ku Ntcheu. Ndasunga ndalama kwa zaka ziwiri kuti ndigule kamera yabwino koma yaing'ono, yoti ndizijambulira ana anga kuno, komanso mayi anga ndi abale ndikapita kumudzi pa Khrisimasi. Mayi akalamba ndipo tilibe chithunzi chawo chooneka bwino. Ndatsala ndi ziwiri, Fujifilm X100VI ndi Ricoh GR IIIx. Nditenge iti? Nanga ndingathe kumajambulira maukwati kuti ndalama ibwerereko?

Achimwene, ndiyambe ndi kuulula kuti pamene ndikulemba pano, m'thumba la malaya anga muli Ricoh. Ndimayenda nayo kumsika, kuntchito, ngakhale potuluka kukagula buledi. Koma inuyo ndikuti mugule Fuji. Mutu sunandizungulire ayi. Zimene mwalemba, makamaka za mayi ndi za ulendo wa Disembala, zikuloza kumeneko, ndipo ndifotokoza mpaka muone nokha. Pali chinthu chimodzi chimene chingagwetse malangizo angawa, chimenecho ndichitchula kumapeto.

Tiyambe tachotsa nkhani imene anthu amathera nayo malovu pachabe, yoti ndi iti imene imatulutsa zithunzi zabwino kuposa inzake. Zonse ziwiri zili ndi sensa ya mtundu wa APS-C. Sensa ndi kachidutswa kamene kamalandira kuwala m'kati mwa kamera, ndipo iyi ndi ya mamilimita pafupifupi 23.5 m'litali ndi 15.6 m'lifupi, yofanana kukula ndi imene ili m'makamera akuluakulu ambiri amene mumawaona ali pakhosi pa ojambula kuzikondwerero. Mafoni odula kwambiri amanyadira sensa yotchedwa ya inchi imodzi, koma imeneyo ndi mamilimita 13.2 ndi 8.8 basi, moti APS-C imaiposa katatu. Zonse ziwiri lenzi yake ndi yomatirira, sichoka, ndipo ilibe zumu. Mukafuna kuti munthu aoneke pafupi, miyendo yanu ndiyo igwire ntchito. Zonse ziwiri shata yake, kachitseko kamene kamatseguka mwakanthawi kuti kuwala kufike pa sensa, ili m'kati mwa lenzi ndipo imalira monong'ona, moti m'tchalitchi wokhala pambali panu sangadziwe kuti mwajambula. Mutamujambula mwana wanu ndi zonsezi n'kutumiza pa WhatsApp, palibe angaloze kuti ichi chachokera mu iyi. Inenso sindingathe. Ndiye kusiyana kwake tikakufune kwina.

Kusiyana koyamba kuli pa sikelo. GR IIIx, ndi batire ndi khadi yomwe, imalemera magalamu 262. X100VI ndi magalamu 521, kuwirikiza kawiri. Ricoh mukaizimitsa lenzi imabwerera m'kati ngati mutu wa fulu, kamera yonse n'kutsala yochindikala mamilimita 35, ndipo imalowa m'thumba la thalauza ngati chikwama cha ndalama. Fuji ndi mamilimita 55, ndipo mukaiveka mphete ndi galasi lotchinga kutsogolo, zimene ndikuuzani kuti muchite, imatupanso. M'thumba la jekete imalowa, koma la thalauza iwalani. Ndi kamera ya lamba, ya pakhosi kapena paphewa.

Nkhani ya kulemerayi musaipepuse. Zaka zapitazo ndinagula kamera yaikulu ndi malenzi atatu, ndalama zonse zimene ndinali nazo. Mwezi woyamba ndinkachita ngati ndigone nayo. Chisanathe chaka inali itayamba kutuluka m'kabati pokhapokha pakhale ntchito yolipidwa. Tsiku limene mwana wanga woyamba anaponda sitepe yake yoyamba, kamerayo inali m'kabati momwemo, ndipo chithunzi chimene tili nacho ndi cha foni, chamdima, nkhope yosaoneka. Fodya ndi uyu ali pamphuno. Mphamvu yonse ya Ricoh yagona pamenepa, kuti imakhala pathupi panu nthawi imene chinthu chikuchitika.

Ndipo kampaniyo yakhala ikusula mpeni umodzi womwewu kwa nthawi yaitali. Dzina la GR linayamba mu 1996 ndi kamera ya filimu ya GR1, ya digito inabwera mu 2005, ndipo sensa yaikuluyi inalowamo mu 2013. Daido Moriyama, wojambula wa ku Japan wotchuka ndi zithunzi zopanda mtundu za m'misewu ya Shinjuku ku Tokyo, wajambula kwambiri ndi makamera a GR, ndipo anthu ambiri amene amaikonda akulondola mapazi ake. Kamerayi anaipangira dzanja limodzi. Mabatani ofunika ali pamene chala chachikulu ndi chamkombaphala zimafika, imayaka sekondi isanathe, ndipo ili ndi chinthu chotchedwa snap focus. Mumaiuziratu mtunda, kaya mita imodzi ndi theka, kaya mamita awiri, kaya asanu. Mukadina batani mwamphamvu kamodzi, siyambanso yafunafuna munthu, imangojambula pa mtunda munaiuza uja. Mukatseka lenzi kufika pa f/8 (nambala ya f imanena kukula kwa bowo lolowera kuwala, ikamakwera bowolo limachepa), zinthu zambiri zozungulira mtunda umenewo zimaoneka bwino. Kwa munthu wojambula moyo wa mumsewu, woti chinthu chikaoneka chatha, palibe kamera ina yondisangalatsa chotere. Za chitetezo cha m'tauni ya Joni mukuzidziwa kuposa ine. Chinthu chosiliva chopachika pakhosi chimaitana maso, pamene Ricoh imaoneka ngati kakamera kakale kosagulitsika. Mukatenga Fuji, tengani yakuda.

Tsopano tiyeni kumudzi, chifukwa n'kumene Fuji yapambanira.

Tiyambe ndi dzuwa. Ricoh ilibe kawindo kosuzumirapo ndi diso. Mumajambula moyang'ana sikirini ya mainchi 3 yakumbuyo, yosapindika, ngati mmene mumachitira ndi foni. Imani pamsika wa Lizulu masana dzuwa lili paliwombo, muyang'ane pa sikirini imeneyo, chimene muone ndi nkhope yanu. Mungathe kuiwalitsa kwambiri, koma pamenepo batire imatha ngati madzi a m'lichero. Amagulitsa kawindo kapadera kotchedwa GV-3 komangirira pamwamba, koma ndi galasi chabe, sikakuuzani pamene kamera yagwira fokasi, ndiponso mukakaika kamera silowanso bwino m'thumba, ndiye mwataya chimene munaigulira.

Fuji ili ndi kawindo kapawiri, ndipo ichi ndicho chakhala chizindikiro cha makamerawa kuyambira pa X100 yoyamba imene inaonetsedwa mu 2010 n'kuyamba kugulitsidwa mu 2011. Mukakankha kachitsulo kali kutsogolo, mumasankha. Mbali ina ndi galasi loonekera, mumaona dziko mmene lilili, pali mizere yoyera yosonyeza pamene chithunzi chithere, ndipo mumaonanso zimene zili kunja kwa mizereyo. Mwana akamathamanga kuchokera kumbali mumamuoneratu asanalowe, n'kudina pa nthawi yake. Mbali inayo ndi kasikirini kam'kati ka madontho 3.69 miliyoni, kamene kamakuonetsani chithunzi mmene chitulukire musanadine: ngati chada, mukuona kuti chada. Ngati zaka zanu zafika poti foni mumaitalikitsa kuti muwerenge uthenga, kawindoka ndi mpumulo, chifukwa kali ndi kagudumu kokonzera molingana ndi diso lanu. Palinso china chosayezeka ndi manambala. Kamera ikakhala pa diso, wokalamba amadziwa kuti akujambulidwa chithunzi chenicheni, amakonza duku, amakhala bwino. Mukaitambasula patsogolo ngati foni, amayesa ndi zachibwana za masiku ano zomwe zija.

Chachiwiri ndi khungu lathu, ndipo apa ndichedwepo chifukwa ambiri amene amayesa makamera pa YouTube sazitchula. Kamera iliyonse ikamayeza kuwala imafuna kuti chithunzi chonse, pochiphatikiza, chikhale pakatikati, chisawale kwambiri, chisade kwambiri. Ndiye taganizani mayi atavala bulauzi yoyera ya kumvano, atakhala kutsogolo kwa khoma lopaka laimu, kapena kumbuyo kwawo kuli thambo loyera la masana. Kamera imaona kuyera kochuluka, imachepetsa kuwala, nkhope n'kusanduka mthunzi, maso n'kulowa m'maenje. Zithunzi zambiri za m'maalubamu athu zili choncho: suti ikuoneka, diresi ikuoneka, mwini wake sakuoneka. Mankhwala ake alipo awiri. Oyamba ndi kuiuza kamera kuti iwonjezere kuwala pang'ono kuposa mmene yaganizira. Zonse ziwiri zimalola, koma Fuji ili ndi gudumu lakelake pamwamba, lolembedwa manambala, loti chala chachikulu chimangolipotoza diso lili pakawindo, mukuona nkhope ikutseguka. Mankhwala achiwiri ndi fulashi masana. Ambiri amayesa fulashi ndi ya usiku, koma ntchito yake yokoma ndi ya dzuwa lili phwee, pamene imathira kuwala pang'ono m'maso ndi pansi pa chipewa popanda kupsereza thambo lakumbuyo. Makamera akuluakulu ambiri fulashi imagwirizana ndi shata mpaka pa 1/200 kapena 1/250 ya sekondi basi, zimene zimavuta pa dzuwa lathuli. Shata ya m'kati mwa lenzi ilibe malire otsika chotero, ndiye kafulashi kakang'ono kamakwanira. X100VI ili nako kafulashi kameneka m'thupi mwake. GR II inali nako, koma pa GR III ndi GR IIIx anakachotsa kuti kamera ichepe. Mpando woikapo fulashi yapadera ulipo pamwamba, koma ndi katundu wina wogula, wonyamula ndi woiwala pawindo la basi.

Zonse ziwiri zilinso ndi galasi lakuda lam'kati lochepetsa kuwala, lotchedwa ND, loti muzitha kutsegula lenzi yonse masana. La Fuji limachepetsa kuwala ka 16, la Ricoh ka 4. Chenjerani ndi mtundu wa Ricoh wolembedwa HDF umene unatuluka mu 2024: m'malo mwa galasi lakudali anaikamo lofewetsa magetsi kuti azioneka ngati ali mu nkhungu. N'lokongola usiku m'tauni, koma kumudzi masana mudzalisowa lakuda lija.

Chachitatu ndi m'nyumba. Nyumba zathu zakumudzi mawindo ake ndi aang'ono, ndipo macheza enieni amakoma dzuwa litalowa, pa nyali ya sola. Lenzi ya Fuji imatseguka mpaka f/2, ya Ricoh f/2.8. Manambalawa akuoneka oyandikana, koma tanthauzo lake n'lakuti Fuji imalowetsa kuwala kowirikiza kawiri. Pamene Ricoh ikujambula pa 1/60 ya sekondi, Fuji ili pa 1/125, ndipo pakati pa manambala awiriwa ndi pamene dzanja la mdzukulu limaoneka ngati dzanja kapena ngati utsi. Mudzawerenga kuti Fuji imaletsa kunjenjemera mpaka masitepe 6 ndipo Ricoh 4, sitepe iliyonse ikutanthauza kuti shata ingakhale yotsegula nthawi yowirikiza kawiri. Zimenezo zimathandiza dzanja lanu lokha. Makinawo amagwira kamera, sagwira mwana. Mumdima Ricoh imavutikanso kupeza fokasi, lenzi imapita uku ibwere uku, munthu kumwetulira mpaka kutopa. Fuji imazindikira nkhope ndi diso mwachangu kuposa pamenepo, ngakhale nayonso si kamera yojambulira mpira. Mwana wa zaka zitatu akamakuthamangirani molunjika, zithunzi zina zidzaphonya ndithu.

Za kumbuyo kosungunuka kuja, kumene anthu amakukonda pa zithunzi za nkhope, musayembekeze kusiyana kwakukulu. Bowo la lenzi ya Fuji likatseguka lonse ndi mamilimita 11.5, la Ricoh ndi 9.3. Zonse zimasungunula kumbuyo mukayandikira munthu, ndipo palibe imene ingafanane ndi lenzi yaitali ya ojambula maukwati.

Chachinayi ndi batire. Pa muyeso wa CIPA umene makampani onse amatsata, Ricoh imajambula zithunzi 200 pa batire imodzi. Fuji imafika 450 mukamagwiritsa kawindo kagalasi, ndipo imatsika kufika cha m'ma 300 mukamagwiritsa kasikirini kam'kati. Pa tsiku la Khrisimasi, ana a mudzi wonse akufuna kujambulidwa ndiponso aliyense akufuna kudziona, zithunzi 200 zimatha nsima ya masana isanapse. Mwayi wake zonse ziwiri zimatchajidwa ndi chingwe cha USB-C, moti power bank ya foni yomweyo imathandiza. Gulanibe batire ziwiri zapadera, kaya mwatenga iti. Ya Fuji ndi NP-W126S, imene ili m'makamera awo ambiri ndipo sivuta kupeza. Ya Ricoh ndi DB-110.

Chachisanu ndi mvula ndi fumbi. Mukupita mu Disembala, mvula ili pakati, ndipo chaka china mudzapita mu Okutobala fumbi lili koboo. Palibe mwa ziwirizi imene imatuluka m'bokosi ili yotetezedwa kwathunthu. Koma thupi la Fuji analimata, anangosiya kutsogolo kwa lenzi, ndipo mukagula mphete ya AR-X100 ndi galasi lotchinga la mamilimita 49, imapirira mvula yowaza ndi fumbi. Sindikunena zoiviika m'nyanja ku Mangochi. Ricoh ilibe chitetezo chotere, ndipo lenzi yolowa ndi kutuluka nthawi iliyonse mukayatsa imapuma mpweya ngati pampu ya njinga. Dandaulo lodziwika pa makamera a lenzi yotere ndi kachitsotso kofika pa sensa, kamene kamaoneka ngati dontho pathambo pa chithunzi chilichonse. Kamerayo imatha kugwedeza sensa kuti fumbi ligwe, koma kachitsotso kakakanirira, poti lenzi sichoka, pamafunika kumasula kamera yonse, ntchito yosayenera kupatsa wokonza mafoni wa pamsika ngakhale atalumbira. Chodabwitsa n'chakuti mdani wamkulu si fumbi la mumsewu koma ulusi wa m'thumba momwemo. Yanga imakhala m'kachikwama kansalu kothina kenako ndiye m'thumba.

Pa nkhani ya lenzi, Ricoh ndiipatse ulemu wake. Ya Fuji ndi mamilimita 23, imene pa sensa iyi imaona ngati 35 ya makamera a filimu. Ya GR IIIx ndi 26.1, yoona ngati 40. Kusiyanaku n'kochepa koma kumamveka. Pa 40 nkhope ya munthu mmodzi imakhala bwino, mphuno situpa mukayandikira, ndipo zosafunika zam'mbali zimachepa. Pa 35 mumakwanitsa banja lonse pakhonde msana wanu usanagunde nkhokwe. Lenzi ya Ricoh ndi yakuthwa modabwitsa kuchokera pakati mpaka m'makona, ngakhale itatseguka yonse. Ya Fuji, imene anaikonzanso mu 2020 pa X100V, kamera imene X100VI inalowa m'malo mwake, ndi yabwino kwambiri, koma mukayandikira zedi pa f/2 imafewa pang'ono. Pa nkhope ya gogo kufewa kumeneko si tchimo.

Mwina mwaonanso GR IV imene inatuluka mu 2025. Imeneyo lenzi yake ndi yotambalala, yoona ngati 28, mofanana ndi GR III, batire yake yakwera pang'ono, koma kawindo ndi fulashi yam'kati mulibebe. Pa zofuna zanu sisintha kanthu.

Mamegapikiseli 40 a Fuji poyerekeza ndi 24 a Ricoh asakutengeni mtima kwambiri. Chithunzi cha Ricoh chili ndi madontho 6000 m'litali, okwanira kusindikiza chithunzi chotalika theka la mita chooneka bwino ngakhale mutachiyang'anitsitsa pafupi. Cha Fuji ndi 7728, masentimita pafupifupi 65. Chimene mudzapachike pabalaza pa mayi sichidzafika pamenepo. Phindu lenileni la 40 ndi kudula. Kamera yopanda zumu imadalira kudula chithunzi, ndipo Fuji mukaidula kuti ione ngati 50 mumatsala ndi mamegapikiseli pafupifupi 20, pa 70 mumatsala ndi 10, okwanirabe kusindikiza. Mtengo wake ndi kulemera kwa mafayilo. Fayilo yaiwisi ya RAW yosapanikiza imafika cha m'ma 80MB chithunzi chimodzi, moti laputopu yakale imayamba kubuula, ndipo khadi imadzaza msanga. Inu yambani ndi JPEG, RAW muziyatsa pa zithunzi zokhazo zimene simungadzazijambulenso, monga za mayi. Ricoh ili ndi kaufulu kena kakang'ono: muli malo osungira a 2GB m'kati mwake, oti mukaiwala khadi mu laputopu simubwerako chimanjamanja. Fuji mukaiwala khadi, mwanyamula mwala.

Mitundu ndiyo inachititsa kuti Fuji itchuke mpaka kusowa m'masitolo. Kampaniyi inayamba mu 1934 ngati yopanga filimu, ndipo m'kamera muli maonekedwe 20 otengera mafilimu, oti chithunzi chimatuluka chitapsa kale, chongotumiza ku foni. Cha kumapeto kwa 2022 achinyamata a pa TikTok anaigwira X100V, ndipo kuyambira pamenepo kupeza kamera ya banja limeneli kwakhala ngati kusaka mafuta nthawi ya mizere. Pa khungu lakuda si maonekedwe onse amene amakoma. Velvia amakoleza mitundu mopyola, chitenje chimawala koma nkhope imafiira ndipo mithunzi imatsekeka. Classic Chrome ndi Classic Negative, amene achinyamata amawakonda, amatha kuchititsa khungu kuoneka lotuwa ngati munthu sanadzole. Ine pa nkhope ndimasankha Astia kapena Reala Ace, ndipo ndimafewetsa mithunzi pang'ono m'makonzedwe. Ricoh ilinso ndi ake, ndipo Positive Film ndi zithunzi zake zopanda mtundu n'zokoma kwambiri. Apa palibe wogonja, kungoti Fuji ili ndi zosankha zambiri.

Kanema ndiye palibe mpikisano. Fuji imajambula mpaka 6.2K ndipo ili ndi polowetsa maikolofoni, Ricoh imathera pa 1080p ndipo zikuoneka kuti opanga ake sanaikepo mtima. Ngati mukufuna kudzawajambula mayi akufotokoza mbiri ya banja, za kumene makolo anachokera ndi mayina a amene anatsogola, chimenechi chokha n'chokwanira kusankhira Fuji. Ndipo muchite zimenezo ulendo uno.

Za maukwati, ayi. Ndikukanizani mosapsatira. Kamera iliyonse mwa ziwirizi imalowa khadi imodzi yokha, ndiye khadi ikafa ukwati wa eni wapita, ndipo ankhoswe sadzamva zoti teknoloje inalephera. Zumu palibe, ndiye nthawi yovekana mphete mudzayenera kukaima pakati pa abusa ndi akwati. Pa perekaniperekani, anthu akuvina m'holo ya magetsi ofooka, mumafuna fulashi yamphamvu, fokasi yothamanga ndi batire yopirira tsiku lonse. Ojambula maukwati ena amanyamula X100 ngati kamera yachiwiri, yotolera tizinthu tapambali, koma yoyamba imakhala ina. Ngati bizinesi ili mumtima ndithu, funso lanu lasintha, ndipo muyang'ane zosintha malenzi monga Fujifilm X-T50 kapena X-E5, zimene zili ndi sensa ya mamegapikiseli 40 yomweyi, ngakhale nazonso khadi ndi imodzi. Koma ndalama munasungayi munasungira ana ndi mayi. Musaisenzetse katundu wina.

Mtengo: X100VI inatuluka mu Febuluwale 2024 pa madola 1,599 a ku America, GR IIIx mu 2021 pa madola pafupifupi 1,000. Mitengo yasuntha kuchokera pamenepo, ndipo chifukwa chosowa, ogulitsa ena amaika yawoyawo. Powerengera, pa Fuji muwonjezere mphete, galasi lotchinga, batire ndi lamba wabwino. Pa Ricoh muwonjezere batire ndi kachikwama. Kusiyana kwa ndalamako si kochepa, kungathe kulipira ulendo wa basi wa banja lonse kudzera ku Tete, ndiye ngati kugula Fuji kukutanthauza kufika kumudzi manja ali m'thumba, Ricoh si manyazi. Gulani m'sitolo yodziwika ya makamera, ya risiti ndi chitsimikizo chogwira ntchito ku South Africa komweko, ngakhale atakulembani pamzere wodikira. Kamera yosowa ikapezeka pa Facebook pa theka la mtengo, mwini wake akuti tumizani kaye ndalama, chikomekome cha mkuyu chimenecho. Risitiyo muzinyamulanso podutsa pachipata, kuti zikadzafunsidwa musadzachite chibwibwi.

Mukapeza yogwiritsidwapo kale ntchito, kaya ndi iti, yesani izi musanapereke ndalama. Tsekani lenzi kufika pa f/16, lozani khoma loyera kapena thambo, jambulani, kenako kulitsani chithunzicho n'kuyenda nacho ngodya zonse. Madontho akuda amene ali pamalo amodzimodzi pa zithunzi ziwiri zosiyana ndi fumbi la pa sensa. Yatsani ndi kuzimitsa kangapo mukumvetsera lenzi ngati ikukhulana. Potozani magudumu onse muone ngati manambala akusintha mosadumpha.

Chija ndinati chingagwetse malangizo anga ndi khalidwe lanu, limene ine sindikulidziwa koma inu mungaliyeze. Botolo la madzi la theka la lita limalemera pafupifupi mofanana ndi X100VI. Limangeni chingwe, kapena liikeni m'kachikwama kapaphewa, muziyenda nalo kulikonse kwa sabata yathunthu: kuntchito, m'takisi, kokatenga ana, kutchalitchi. Osamwa madziwo. Likafika Lachisanu mukadali nalo, gulani Fuji mtima uli m'malo. Mukapeza kuti Lachitatu munalisiya patebulo dala poti mumangopita pafupi, ndiye kuti ndinu mnzanga wa gulu la Ricoh, tengani GR IIIx, batire zitatu ndi kafulashi kakang'ono ka pamwamba, muphunzire kuwaika anthu pamthunzi.

Iliyonse imene mutenge, ifike m'manja mwanu mwezi wathunthu musanakwere basi, muyambe mwalakwitsira pa ana anu ku Joni komweko. Tsiku lojambula mayi, musawaimike padzuwa. Akhale pakhonde m'mawa kapena chakumadzulo, kuwala kukuchokera kumbali, kumbuyo kwawo kukhale chitseko kapena khoma lakuda osati bwalo loyera. Inu mukhale pansi kuti kamera ifanane ndi maso awo, mutalikire mita imodzi ndi theka, lenzi pa f/2.8, shata isatsike pa 1/125, kuwala muwonjezere pang'ono mpaka makwinya a m'mbali mwa maso aoneke. Choyamba adzauma ngati chithunzi cha chiphaso. Jambulani chimenecho kuti mtima wawo ukhale pansi, kenako kamera isachoke pa diso, muwafunse za ng'ombe ija inathawa tsiku la chinkhoswe chawo, kapena nkhani iliyonse imene kwanu imawaseketsa.